Njira Imene Ndinagula Chifukwa cha Tizilombo ta M'madzi

Ana anga, mwandifunsa mokwanira chifukwa chimene agogo anu a ku Mvera anamwalira osaponda pakhomo panga. Azakhali anu amakuuzani zawo, amayi anu amangoti zinatha kale. Ine ndilemba kamodzi, ndipo wofuna kufunsanso adzawerenge pano. Za ubwana wanga sindilemba chifukwa mulibe kanthu. Ndinali mwana wa mkulu wa mpingo. Ndinalemba mayeso a Sitandade 8 kawiri osasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo chaka chachitatu anandikhazika pa benchi limodzi ndi ana amene ndinawaona akukwawa. Ndinapirira mpaka Isitala, kenaka ndinatuluka pa buleki osabwereranso. Abambo sanandimenye. Anangoti, "Munthu wosamaliza kalasi samaliza kanthu," n'kutenga khasu lawo kupita kudimba.

Pakati pa zaka za m'ma 1970: damu la ku Dowa

Ntchito yoyamba ndinaipeza ndi khasu. Cha ku Bowe boma linali ndi damu, ndipo kumunsi kwake ankakumba maiwe oswetseramo nsomba zoti azigawira alimi ngati mbewu. Ndinapitako kukagwira ganyu yokumba. Anzanga atabwerera kwawo, ine anandisunga, osati chifukwa cha nzeru, koma poti ndinkatha kuwerenga zolembedwa pa matumba a layimu, komanso ndinalibe kobwerera. Bwana wathu anali a Msiska, munthu wa kumpoto, wamfupi, wotsimphina mwendo wamanzere, wolankhula pang'onopang'ono mpaka womvera kuyamba kuyabwidwa. Anali atapitako kumaphunziro kunja, m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo nkhani zawo zonse zinkathera kumeneko. Ine masiku amenewo ndinkadana ndi aliyense wokhala ndi satifiketi, choncho ndinkangowayankha kuti inde bwana, mumtima ndikuwatukwana.

M'mawa wina anandipeza ndikutsegula ngalande ya dziwe la tiana ta nsomba. Madzi ake anali obiriwira ngati ndulu, ndipo ine, mwana woleredwa pa mishoni pamene ankatiyendera zikhadabo Lolemba lililonse, ndinaona kuti ndi bwino atuluke, alowe oyera.

"Ukuchita chiyani, Lekisoni?"

"Ndikuchotsa madzi oipawa, bwana."

"Tseka. Kanditengere botolo loyera lija pa windo."

Anatunga madzi aja, nakweza botolo kuloza kudzuwa, n'kundipatsa. "Ukuona chiyani?"

"Litsiro."

"Yang'anitsitsa. Kwanu ku Mvera litsiro limadumpha?"

Linkadumphadi. M'botolo muja munali tinthu tochuluka, tating'ono kuposa njere ya fodya, tamoyo. Tina tinkayenda modumphadumpha ngati munthu wolumidwa ndi linthumbu. Tina tinali tonenepa, tozungulira, tofanana ndi utitiri wa nkhuku, tikukwera ndi kutsika mwaulesi. Atandibwereka kagalasi kawo kokulitsira zinthu ndinaonanso tina tochepetsetsa, tozungulirazungulira malo amodzi ngati fumbi la kamvuluvulu. A Msiska anati kamwana ka nsomba kakangochoka m'kamwa mwa make, pakamwa pake sipangalowe madeya, ngakhale osinja bwanji. Kamayamba ndi tafumbito, kenaka tautitiri, kenaka todumpha. Amene wataya madzi obiriwira wataya nkhokwe.

"Kumene ndinaphunzira," anatero atakhala pa mtumbira wa dziwe, "mtsinje ukamathira m'nyanja yamchere, madzi a pamathiriropo sakhala a mtsinje, sakhalanso a nyanja. Nyanja imakwera ndi kutsika tsiku lililonse, mchere umalowa kumtunda n'kubwereranso. Tizilomboti timakhala m'magulumagulu. Tokonda mchere wambiri timakhala kumunsi, topirira mchere pang'ono pakati, todana nawo kumtunda. Mvula ikagwa kumapiri, mtsinje umakankha mchere, magulu onse aja n'kusamuka. Ndipo kumene tasamukira, tiana ta nsomba timatsata komweko."

"Kuno kulibe mchere, bwana."

"Kulibe. Kuno zimene zimatisamutsa ndi matope, chisanu ndi ndowe. Uziphunzire zitatuzo, ndiye kuti waphunzira ntchito."

Sindinawauze kuti andisangalatsa. Koma kuyambira tsiku limenelo botolo silinachoke m'thumba mwanga. Ndinaona ndekha kuti madzi akada ndi matope, tautitiri timayamba kufa, todumpha n'kupirirako. Ndinaona kuti mu Juni zonse zimachepa, ndipo kukayamba kutentha zimabwerera. Ndowe za ng'ombe zikalowa pang'ono madzi amabiriwira, tizilombo n'kuswana. Zikachuluka, m'mawa umapeza nsomba zili kukamwa yasa pamwamba, zikusowa mpweya. Zipangizo tinalibe. Kaukonde kosefera tizilomboti katang'ambika tinapempha kena ku likulu, ndipo mpaka ndinachoka pamalopo kasanafike. Tinkasefa ndi mpango wa nayiloni wa akazi a bwana, womangirira pa waya. Chimene sichinkachedwa kufika chinali khadi la chipani lokha.

Pa Khirisimasi ndinapita kwathu ndi botolo langa, ndikufuna abambo aone kuti sindikumba maenje chabe. Anavala magalasi awo owerengera Baibulo, nayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ndinkayembekezera. "Ndiye ukuweta nsabwe za m'madzi," anatero. Kenaka anawonjezera motsitsa mawu, "Mulungu analenga zambiri." Kwa abambo anga kumeneko kunali kuyamikira. Chaka chotsatira, pa ukwati wanga ndi amayi anu, anaimirira kutsogolo n'kuuza anthu kuti mwana wawo amagwira ntchito m'boma, ndipo iwo adzabwera kudzaona maiwe akewo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970: mapiri a Ntchisi

Abambo asanabwere, tinasamutsidwa. Boma linatsegula maiwe ena m'mapiri a Ntchisi, a Msiska anatumizidwa kumeneko ndipo ananditenga. Tinapeza nyumba yofolera udzu yodontha pakona, wilibala yopanda tayala, ndi chisanu chimene chinkachedwetsa chilichonse. Dziwe limene ku Bowe linkabiriwira msanga, kuno linkatenga nthawi yoti munthu n'kukwiya nalo. Amayi anu Esinati analira sabata yoyamba, kenaka anayamba kuweta nkhuku.

Damu la kumeneko linkalandira madzi kuchokera ku timitsinje tiwiri. Ka kumadzulo kankadutsa m'minda ya fodya wa chikopa, kumene mitengo inali itathera m'zigafa. Ka kum'mawa kankatuluka m'nkhalango ya manda, ndipo nkhalangoyo inkafika mpaka m'mphepete mwa damu. Kumeneko kunali dambwe, malo a Gule Wamkulu, kumene munthu wosameta, ndiye kuti wosalowa gule, saponda. Inu mwakulira m'tauni ndipo gule mumamuonera pa zikondwerero, koma nthawi imeneyo nkhaniyi inali yolemera mbali zonse ziwiri. Wosameta akapezeka kudambwe, ankabwerako ndi thupi lotupa. Mkhristu wa mpingo wathu akapitako mwakufuna kwake, ankadulidwa, osayandikiranso mgonero.

Woyang'anira za kudambwe, amene amamutcha wakunjira, anali a Gwaza, bambo wamtali wopanda mano akutsogolo, wanthabwala. Iwo ndiwo anayamba kunditcha a Kabotolo, dzina limene linandikakamira mpaka kupuma ntchito. A Gwaza analinso m'gulu la alimi amene tinawakopa kuti akumbe maiwe m'madimba mwawo. Anthu aja anakumba m'chilimwe, dothi louma ngati njerwa, amayi akusenza m'madengu. Panali mayi wina wamasiye amene anakumba yekha ndi ana ake aakazi, manja mpaka kuchita matuza. Ndipo pa msonkhano wina tcheyamani wa chipani wa m'deralo anaimirira n'kulengeza kuti chimanga chisanalowe m'nkhokwe dziwe lililonse likhala ndi nsomba. Sanatifunse. Anthu anawomba m'manja, a Msiska anayang'ana pansi.

Dzinja la madzi ofiira

Nsomba zathu, makumba, zinaswa bwino chaka chimenecho, tiana tili mbuu m'mphepete mwa maiwe. Kenaka mvula inagwa masiku otsatizana osapuma. Kamtsinje ka kumadzulo kanatsika ndi dothi la m'minda yonse, damu linafiira ngati phala la njerwa, ngalande yathu inasefukira, madzi aja n'kulowa m'maiwe. Mvula itakata ndinatunga botolo n'kukweza kudzuwa. Dzuwa silinadutse. Nditasefa ndi mpango ndinapeza todumpha towerengeka, tautitiri ndi tafumbi tonse titatha. Tinathira ndowe, koma madzi a matope sabiriwira, kuwala sikulowa, ndipo m'chisanu cha Ntchisi kudikira kuti matope akhazikike kunali kudikira maliro. Tiana tinayamba kuyandama m'mbali, mitu ikuluikulu, mimba zitaphwa. M'mawa uliwonse ndinkatola takufa ndi mbale.

Ndikuyenda pa khoma la damu ndinaona kuti cha kum'mawa madzi ofiira sanafike. Panali mzere woonekeratu, mbali ino phala, mbali inayo madzi akuda koma oyera, ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinatsata gombe mpaka pamene panamangidwa kansalu kofiira pamtengo, kusonyeza kuti wosameta alekere pomwepo. Ndinamangirira botolo ku chingwe n'kuliponya kutali mmene ndikanathera. Litabwera, linali lamoyo. Sindinaonepo botolo lodzaza choncho ngakhale ku Bowe.

Tinapita kwa a Gwaza ndi mpango wathu, tikuwapempha kuti azititungira iwowo. Anavomera ndi mtima wonse, poti dziwe lawo nalonso linkadikira. Ulendo woyamba anabwera ndi ndowa ya matope ndi ambululu. Ulendo wachiwiri anabwera ndi madzi oyera opanda kanthu, kupatula tizilombo tazibano timene timadya tiana ta nsomba. Sikunali kupusa. Tizilomboti sitikhala malo amodzi. M'mamawa timakwera pamwamba, dzuwa likakula timatsika kapena kuthawira mumthunzi, ndipo kamtsinje kakadzaza timakankhidwira kwina. Pamafunika munthu woima pomwepo ndi botolo, kutunga apa, kuyang'ana, kutunganso apo. Ine zinanditengera zaka kuti maso azolowere.

"A Kabotolo," anatero a Gwaza akupukuta manja, "maso angawa amasiyanitsa fodya wabwino ndi woipa ali patali. Koma nsabwe zanuzi sindikuziona."

"Ndiloleni ndizilowa ndekha. Sindiyang'ana kumbali, nditsata madzi okha."

"Aliyense amati sayang'ana kumbali." Anaseka, kenaka anasiya kuseka. "Ine ndikhoza kukulolani, koma anyamata akakupezani sadzafunsa za botolo. Ndiponso ndikakulolani lero, mawa abwera wina kuti mwalola wa boma, inenso ndikufuna mtengo umodzi wokha wa chigafa. Mukuganiza kuti nkhalango ija yaima chifukwa chiyani, pamene phiri lonse lameta mpala? Yaima chifukwa anthu amaopa."

"Ndiye nsomba zife?"

"Njira ilipo. Mlendo amene ntchito yake imamudutsitsa kwathu amagula njira. Amabwera ndi nkhuku, timamulowetsa, amakhala mmodzi wa ife, ndipo amayenda masana osaopa munthu."

"Mukudziwa kuti ndine mwana wa ndani."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindikukuitanani. Ndangokuonetsani pamene pali khomo."

Tinabwerera ku maiwe, ine ndi a Msiska. Iwo sakanatha kulowa, mwendo wawo sukanalola kuyenda m'matope ndi ndowa, komanso munthu wa kumpoto masiku amenewo ankayang'ana kawiri asanaponde paliponse. "Lekisoni," anatero, "sindikutuma. Ndilemba lipoti kuti mvula yawononga mbewu. Adzandikalipira, mwina kundisamutsa, tcheyamani adzanena zonena zake. Iwe ntchito sudzataya. Wamva? Palibe amene akukukakamiza."

Ndikanakonda akanandikakamiza. Ndinapita kunyumba n'kupeza amayi anu akusadzula nkhwani pakhonde. Ndinawafotokozera zonse, iwo osasiya kusadzula.

"Abambo anu mukuwadziwa," anatero.

"Ndikuwadziwa."

"Adzamva. Kuno nkhani imakwera njinga."

"Adzamva, inde."

"Ndiye mukundifunsa, kapena mukundiuza?"

Ngakhale ine mwini sindinkadziwa. Musandiyese woyera mtima. Ndinaganizadi za mayi wamasiye uja ndi matuza ake, koma ndinaganizanso za ine mwini. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinachidziwa bwino pa dziko lino chinali m'botolo, ndipo chinali kufa ndikuyang'ana, mankhwala ake ali kuseri kwa kansalu kofiira. Mawu a abambo akuti sindidzamaliza kanthu anali akadandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Chondipweteka chinali chakuti njira yokha yowatsutsira inali yodutsa pamene iwo sakanandikhululukira. Ndinakhala pakhonde paja mpaka nkhwani unapsa. Pomaliza amayi anu anati, "Ngati mukupita, tengani yakuda ija. Siikuikira."

Zimene zinachitika kudambwe sindilemba. Ndinalonjeza, ndipo lonjezo ndi lonjezo, ngakhale kwa anthu amene mpingo unkawatcha akunja. Ndilemba za madzi. Kamtsinje kaja kankatuluka pansi pa mikuyu ndi mitengo ina ikuluikulu imene sindinaionenso kwina m'dera lonselo. Mizu inkagwira dothi, masamba ankagwera m'madzi n'kuwolera momwemo, ndipo ndiwo ankadetsa madzi ngati tiyi n'kumadyetsa tizilombo. Pamathiriro, pamene madzi amenewa ankakumana ndi ofiira a m'damu, ndinaona ndi maso anga zimene a Msiska ankanena za kunyanja yamchere. Tautitiri tinadzazana pa kagombe kabata, kumene madzi sayenda. Tafumbi tinali posaya, pamene dzuwa limaboola masamba n'kufunditsa madzi. Todumpha tinali kutsogolo, pa mzere penipeni, mpaka kulowerera pang'ono m'matope. Mvula ikagwa kuphiri, kamtsinje kankakankha mzere uja kulowa m'damu, magulu onse n'kusuntha nawo. Kukachita ng'amba, madzi ofiira ankabwerera, tizilombo n'kuthawira kumizu.

M'mawa uliwonse ndinkasefa, n'kusenza ndowa ziwiri pa mtengo kupita kumaiwe, ulendo ndi ulendo, mpaka mapewa ananyuka. A Msiska ankandidikira pa mtumbira. Asanayang'ane n'komwe m'ndowa ankafunsa, "Lero mzere uli pati? Tautitiri tasamuka?" Munthu uja anawoloka malire a dziko kukaona mathiriro a eni ake, koma a pakhomo pake ankawaonera m'kamwa mwanga. Tiana tambiri tinafa, sindinama. Koma totsala tinakula, matope anakhazikika, maiwe anabiriwiranso, ndipo chimanga chisanalowe m'nkhokwe tinayenda ndi zitini m'madimba kugawa mbewu. Tcheyamani anauza msonkhano kuti lonjezo lake lakwaniritsidwa. Dzina langa sanalitchule, ndipo sindinadabwe.

Nyengo yokolola ya chaka chomwecho

Nkhani inakweradi njinga. Akulu a mpingo wa kumene tinkapemphera anandiitana, anandifunsa ngati zinali zoona, ndinati inde, anandidula. Zonse zinatha msanga kuposa kumwa tiyi. Loweruka lotsatira ndinapita ku Mvera, poti ndinaona kuti ndi bwino abambo andione nkhope. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akukhomera mpini wa khasu. Ndinakhala pansi, ndinapereka moni, anayankha osakweza mutu.

"Anakugwira n'kukukokera kumeneko?"

"Ayi, abambo."

"Bwana wako ndiye anakutuma?"

"Ayi. Anandiuza kuti ndisadzikakamize."

Anaika khasu pansi. "Ukanati inde, ndikanakhala ndi chowauza anzanga. Ine ndakhala ndikuyenda m'midzi iyi chiyambire unyamata wanga, kuuza anthu kuti atuluke kumene iwe walowa ndi miyendo yako. Ena anandigenda. Lero ndikaime pamaso pawo ndinene chiyani? Kuti mwana wanga wasinthanitsa mgonero ndi nsabwe za m'madzi?"

"Anthu adya nsomba, abambo."

"Anthu akhala akudya nyemba, ndipo sanafe."

Ndinayankha zimene mwana sayenera kuyankha, zoti Mulungu amene analenga zambiri uja ndi yemweyo anaziika kumanda. Amayi anga anatuluka m'khitchini n'kuima pakhomo. Abambo sanakweze mawu. Anati, "Pakhomo pano uzibwera, ndi pa amako. Koma pakhomo pako sindidzaponda mpaka utalowanso kalasi." Wodulidwa akafuna kubwerera mumpingo ankayenera kukhalanso m'kalasi ya ophunzira za chikhristu, pa benchi limodzi ndi ana. Abambo ankadziwa bwino lomwe chimene benchi limenelo linali kwa ine. Ndinaimirira n'kunena kuti benchi la ana ndinalisiya kalekale, ndipo sindidzalikhalanso chifukwa cha chinthu chimene sindinalakwe.

Chaka chotsatira kunali msonkhano waukulu wa mpingo kufupi ndi maiwe athu. Ndiwo za alendo zinali makumba ogulidwa kwa mayi wamasiye uja. Akulu amene anandidula anadya mpaka kutsopa mitu. Ine ndinali panja, ndikukonza njinga.

Zaka za m'ma 1980

Inu munabadwa m'zaka zimenezo, mmodzimmodzi, ndipo agogo anu ankakuonani pokhapokha amayi anu akakutengerani ku Mvera. Ine ndinkapita nawo mwa apo ndi apo. Tinkalankhula za mvula ndi za feteleza ngati anthu okumana pa basi. A Msiska anapuma ntchito n'kubwerera kwawo, m'malo mwawo munabwera anyamata a masatifiketi, ena abwino, ena oopa kunyowetsa nsapato. Ine ndinakhalabe wosenza ndowa, poti pokweza munthu ankayang'ana pepala, osati mapewa. Dzinja lililonse damu likafiira ndinkalowa kum'mawa kuja, ndipo mbewu sinatifereponso yonse. Kudambwe sindinavinepo, sindinapiteko pa china chilichonse kupatula madzi, ndipo a Gwaza sanandifunsepo chifukwa chake.

Kenaka uthenga unabwera kuti abambo agonekedwa ku chipatala cha ku Mtengowanthenga. Ndinapita ndi makumba owamba m'kathumba, ndikudziwa kuti mwina akana. Ndinawapeza ataonda, manja ngati timitengo, amayi atakhala pamphasa pambali pa bedi. Anadya kachidutswa kamodzi, pang'onopang'ono, osafunsa kuti nsombayo yachokera kuti.

"Madzi aja akadalipo?" anafunsa.

"Alipo."

"Ndi todumpha tija?"

Ndinadabwa kuti akukumbukira. Botolo lija analiona kamodzi kokha. "Tilipo, abambo. Kwina konse m'damu timatha m'dzinja, koma kumeneko timatsala."

Anayang'ana kudenga. "Ndakhala ndikuganiza," anatero. "Mitengo imene inasunga madzi ako inasungidwa ndi anthu amene ine ndinkawalalikira kuti asiye zawozo. Akanandimvera onse, nkhalango ija ikanathera m'zigafa. Sindikudziwa chimene Mulungu akutanthauza pamenepo. Ndafunsa, sindinayankhidwe." Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Koma mawu ndinanena pamaso pa anthu, ndipo sindingawameze. Lowa kalasi, Lekisoni. Ndikufuna ndidzaone maiwe akowo."

"Sindikanena kuti ndikumva chisoni chifukwa cha nsomba."

"Ndani wakufunsa za nsomba? Ukangokhala pa benchi mpaka kumapeto. Kamodzi kokha m'moyo wako."

Amayi anga anaseka, n'kubisa nkhope m'chitenje. Ine sindinaseke, koma Lamulungu lotsatira ndinakalembetsa. Akulu anandifunsa ngati ndasiya za kudambwe. Ndinati za kudambwe sindinaziyambe n'komwe, koma madzi ndidzapitiriza kutunga. Anakangana okhaokha nthawi yaitali, pomaliza anandiuza kuti ndikakhale kumbuyo. Ndinali bambo wa ndevu, wa ana anayi, mawondo akugunda benchi la kutsogolo. Ana ankanditcha agogo a kalasi, ndipo ndikalakwitsa yankho ankatsinana. Mphunzitsi wake anali mnyamata amene ndinamugawirapo mbewu ya nsomba, ndipo ankachita manyazi kundiloza. Sabata iliyonse ndinkafuna kutuluka, ndipo sabata iliyonse ndinkakhalabe. Kunyumba ndinapita kwa kalipentala kukakhometsa mpando wotsamira, wokhala ndi poika manja, poti abambo anali atatuluka m'chipatala ndipo msana sunkawalola kukhala pamphasa.

Anamwalira m'nyengo yachisanu, kalasi ili pakati. Azakhali anu amati anali atandikhululukira, ena amati ayi. Ine sindikudziwa, ndipo amene akuti akudziwa akunama. Maliro atatha, amayi anu anandifunsa ngati ndipitirize, poti amene ndinkamuchitira uja wapita. Ndinati benchi likadalipo.

Kalasi imeneyo ndinamaliza. Ndi yokhayo imene ndinamalizapo. Mpando uja ndi umene uli pakhondewu, umene mumalimbirana mukabwera pa Khirisimasi. Muzikhalapo, sindikuletsani. Ndimangofuna mudziwe kuti mwini wake sanaukhalepo.